Chifukwa Chake Ozimitsa Moto a Kumidzi Saleka Kuyeseza

Miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala ikafika, udzu utauma ndipo dzuwa likuswa mtengo, usiku m'mapiri a m'maboma ambiri mumaoneka mizere yofiira ya moto wolusa. Moto wotere ukayandikira nkhokwe, khola kapena munda wa mitengo, mfuu imamveka, ndipo anthu amathamangirako ndi nthambi zaziwisi, aliyense namenya pamene maso ake amuonetsa. Kulimba mtima kumakhalapo kokwanira. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi dongosolo, pakuti sipakhala amene anapanganiratu za wotsogolera, za woyang'ana mphepo, kapena za njira yothawira zinthu zikavuta.

Nkhani ino ikufotokoza za anthu a kumidzi m'chigawo cha Victoria, kumwera chakum'mawa kwa dziko la Australia, amene anayamba monga momwemo, ndi nthambi ndi masaka onyowa, koma imfa za anzao zinawaphunzitsa kuti kuzimitsa moto wa m'tchire ndi luso lofuna kuphunzira ndi kubwereza chaka ndi chaka. Australia ndiko kwao kwa mtengo wa bulugamu, umene wafala m'midzi ndi m'minda ya kuno. Masamba ake ali ndi mafuta oyaka msanga, ndipo makungwa ake akagwira moto amauluka ndi mphepo n'kukayatsa moto wina patsogolo, nthawi zina pa mtunda wa makilomita ambiri. Anthu okhala pakati pa nkhalango za mitengo yotere anakakamizika kuudziwa moto bwinobwino.

Chiyambi cha magulu odzipereka

Ku Victoria nyengo yotentha imayamba mu Disembala kufikira mu Febuluwale. Mphepo yoopsa kumeneko ndi yochokera kumpoto, imene imadutsa m'zipululu za pakati pa dzikolo n'kufika youma ndi yotentha ngati yotuluka m'ng'anjo. Tsiku Lachisanu pa 13 Januwale 1939 mphepo yotereyi inalumikiza moto umene unkayaka m'malo osiyanasiyana, ukhala chimoto chachikulu. M'masiku amenewo anthu 71 anafa, pakati pao panali ambiri ogwira ntchito yocheka matabwa m'nkhalango, ndipo mahekitala pafupifupi 2 miliyoni anapsa. Boma linasankha woweruza milandu, Leonard Stretton, kuti afufuze chimene chinachitika. Iye anapeza kuti moto wambiri unayatsidwa ndi anthu, ndiponso kuti timagulu tozimitsa moto timene tinalipo tinkagwira ntchito kalikonse pakokha, popanda bungwe loyang'anira. Moto wina utaononganso mu 1944, nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la Country Fire Authority, limene linayamba ntchito mu 1945, ndipo anthu amalitchula mwachidule kuti CFA.

Bungweli lili ndi magulu oposa 1,200 ndi anthu odzipereka oposa 50,000. Ena mwa iwo amapita kumoto, ena amathandiza pa za mauthenga, chakudya ndi kuphunzitsa anthu a m'mudzi. Munthu wa m'gulu lotere salandira malipiro. Ndi mlimi wa nkhosa, mphunzitsi, makaniko, mai wogulitsa m'sitolo kapena mnyamata wongomaliza kumene sukulu. Gulu lililonse lili ndi kanyumba kake kosungiramo galimoto ya thanki ya madzi, ndipo mamembala amadzisankhira okha kapitao wao. Uthenga wa moto ukafika, aliyense amasiya chimene akuchita n'kuthamangira ku kanyumbako.

Vuto la gulu lotere lagona pamenepa. Wozimitsa moto wolembedwa ntchito mumzinda amagwira pampu ndi paipi tsiku ndi tsiku, koma wodzipereka wa kumudzi akhoza kutha miyezi isanu ndi umodzi akumeta nkhosa kapena kulemba pa bolodi, osaona moto ndi umodzi womwe. Tsiku limene adzaitanidwe likhoza kukhala loipa koposa m'zaka khumi, ndipo akulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Mphepo ikatembenuka

Kuti zimene zinachitikira magulu ameneWA zimveke, m'pofunika kudziwa maonekedwe a moto woyendetsedwa ndi mphepo. Moto wotere umakhala wautali ndi wopapatiza ngati tsamba la chimanga. Uli ndi mutu, kumene malawi ali aatali ndipo akuthamanga. Uli ndi mchira, kumene unayambira. Ndipo uli ndi nthiti ziwiri, kumene malawi ali aafupi ndipo akuyenda pang'onopang'ono. Ozimitsa amagwira ntchito m'nthiti, popeza kumutu munthu sangayandikireko.

Tsiku lotentha ku Victoria mphepo ya kumpoto imakankha moto kulowera kumwera kuyambira m'mawa, kotero kuti pofika madzulo nthiti zake zimakhala zitatalika makilomita angapo. Kawirikawiri tsiku lotere limatha ndi mphepo ina yozizira, yochokera kumwera chakumadzulo, imene imafika mwadzidzidzi ndi mwamphamvu. Ikangofika, nthiti yonse ya kum'mawa, imene inali yofatsa, imasanduka mutu wa moto, ndipo mutu watsopanowu umakhala waukulu kuposa woyamba uja. Amene anali kugwira ntchito m'mbali mwa moto amapezeka ali patsogolo pake. Izi n'zimene zinachitika pa 16 Febuluwale 1983, tsiku limene moto unapha anthu 47 ku Victoria ndi 28 ku South Australia. Pamalo otchedwa Upper Beaconsfield, ozimitsa moto odzipereka 12 anafa mphepo itawatembenukira.

Patapita zaka 15, pa 2 Disembala 1998, moto unabuka m'nkhalango pafupi ndi katauni ka Linton, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Ballarat. Sunali moto waukulu poyerekeza ndi wa 1983. Magulu anabwera kuchokera kumadera ena kudzathandiza, ndipo pakati pao panali a ku Geelong. Madzulo a tsikulo iwo ankatsatira thalakitala imene inkalambula njira yotchinga moto m'nthiti ya kum'mawa. Magalimoto awiri ananyamuka kukatunga madzi, nalowa m'kanjira kamene kanali ndi tchire losapsa pakati pa iwo ndi moto. Cha m'ma 8.45, kukuyamba kuda, mphepo inatembenuka, ndipo moto unazinga magalimoto onse awiri. A m'galimoto ina anabisala, nadzipopera madzi, napulumuka. A m'galimoto ya gulu la Geelong West, amuna asanu, onse anafa. Wamng'ono mwa iwo anali ndi zaka 17.

Kufufuza za imfazi kunatenga nthawi yaitali, ndipo woweruza wofufuza za imfa, Graeme Johnstone, anatulutsa zimene anapeza mu 2002. Zinaoneka kuti a zanyengo anali atanena kuti mphepo itembenuka, koma chenjezolo silinawafike bwino anthu amene anali pafupi ndi moto. Zinaonekanso kuti maphunziro a ozimitsa moto odzipereka pa za moto wa m'tchire anali osakwanira ndi osafanana, gulu lina lodziwa zambiri, lina lozolowera moto wa nyumba za m'tauni. Anthu asanu aja anali olimba mtima ndi ofunitsitsa kuthandiza, ndipo palibe anakayika zimenezo. Chinawapha ndi zinthu zimene zikadatha kuphunzitsidwa ndi kukonzedwa moto usanabuke.

Kuyambira pamenepo bungwe la CFA linaika lamulo lakuti munthu asakwere galimoto yopita kumoto wa m'tchire asanapambane maphunziro oyamba, ndipo lamuloli linakhudza ngakhale amene anali atazimitsa moto zaka zambiri. Magalimoto anaikidwa belu lolira madzi akatsala pang'ono m'thanki, kuti ena atsale odzitetezera. Anaikidwanso timipopi topopera madzi pa galimoto yonse, makatani onyezimira obweza kutentha, ndi mabulangete a ubweya wa nkhosa okwanira munthu aliyense.

Kuudziwa khalidwe moto

Phunziro loyamba la membala watsopano ndi lakuti moto umakhala ndi moyo pa zinthu zitatu, ndizo kutentha, mpweya ndi chakudya chake, chimene ndi udzu, masamba, makungwa ndi nkhuni. Chimodzi chikachotsedwa moto umazima. Madzi amachotsa kutentha, dothi ndi kumenya zimautsekera mpweya, ndipo khasu limaulanda chakudya. M'nkhalango mmene galimoto singafike, chida chachikulu ndi khasu la mbali ziwiri, kwina lakuthwa, kwina la mano ngati chokokera zinyalala. Anthu amaima mondondozana, aliyense napala pang'ono n'kusuntha, kufikira atatsegula kanjira kofika pa dothi lenileni, kopanda tsamba kapena muzu wouma woti moto uolokerepo.

Phunziro lachiwiri ndi la mtunda. Katswiri wa za nkhalango wa ku Australia, Alan McArthur, amene anayesa moto wambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anasonyeza kuti liwiro la moto limawirikiza kawiri pa madigiri 10 alionse a chikweza. Moto umene ukuyenda makilomita awiri pa ola m'chigwa udzayenda anai pa chitunda cha madigiri 10, ndi asanu ndi atatu pa cha madigiri 20. Chifukwa chake n'chakuti pokwera phiri malawi amatsamira ku udzu wa patsogolo, nauumitsa ndi kuutenthetsa usanagwire. Munthu pokwera phiri amachedwa pamene moto ukufulumira, motero wozimitsa moto amaphunzitsidwa kuti asaime pamwamba pa moto wokwera chitunda, ndipo asauthawe polowera kumtunda. Pa dambo la udzu wouma, mphepo ikakhala yamphamvu, moto ukhoza kufika makilomita 25 pa ola, liwiro limene munthu wovala jombo sangathamange nthawi yaitali.

Phunziro lachitatu ndi lakuti chimene chimapha anthu ambiri ndi kutentha kumene kumafika malawi asanafike. Aliyense amene anaothapo moto waukulu amadziwa kuti miyendo imayamba kuwawa munthu ali chapatali, ndipo kuti akabisala kuseri kwa mnzake kapena kwa chipupa kuwawako kumaleka. Kutentha kumeneku kumayenda molunjika ngati kuwala, ndipo chinthu cholimba chimakutchinga. N'chifukwa chake ozimitsa moto amavala zovala zophimba thupi lonse ngakhale kunja kutenthe bwanji: malaya a manja aatali, buluku lalitali, jombo, magolovesi, chisoti ndi magalasi. Nsalu yake imakhala ya thonje kapena ya ubweya, pakuti nailoni imasungunuka n'kumamatira pakhungu.

Pambuyo pa ngozi ya ku Linton, akatswiri a bungwe la kafukufuku la CSIRO, motsogozedwa ndi Phil Cheney, anafotokoza za malo amene anawapatsa dzina loopsa lakuti dera la munthu wakufa. Limeneli ndi tchire lonse losapsa lozungulira moto, limene lingapse m'mphindi zisanu mphepo itatembenuka. Anaonetsanso kuti m'nkhalango munthu amalephera kuyerekeza bwino kutalika kwa pamene pali moto ndi liwiro limene ungafikire pamene iye waima. Motero magulu amaphunzitsidwa kuyambira kumchira kwa moto, natsata m'mphepete mwenimweni mwa pamene papsa kale, phazi limodzi lili pa lupsa. Pa lupsa moto subwerera, chifukwa umapita kumene kwatsala tchire.

Madzulo a maphunziro

Magulu ambiri amakumana madzulo amodzi pa mlungu kapena pa milungu iwiri, ena Lamulungu m'mawa. Ntchito yoyamba ndi kuyendera galimoto: mafuta, matayala, mabatire, madzi m'thanki, ndi kuona ngati chida chilichonse chili pamalo pake, kuti munthu athe kuchipeza mumdima pongopapasa. Kenaka amaliza pampu. Kutunga madzi padamu kumaoneka kwapafupi, koma kuli ndi misampha yake. Paipi yokokera madzi ikakhala ndi kampata kolowa mpweya, pampu imalira osakoka kanthu. Sefa ya kumapeto kwa paipi ikagona m'matope imatsekeka. Galimoto ikaima pamwamba kwambiri madzi sakwera, popeza pampu singakoke madzi kuchokera pansi kupitirira mamita asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Munthu amene anakumanapo ndi zovuta zimenezi padamu la kwao, masana, popanda chomuthamangitsa, adzazizindikira msanga usiku pamene anzake akudikira madzi.

Amayesezanso kutambasula ndi kulumikiza mapaipi, kusintha kamwa la paipi kuti madzi atuluke molasa patali kapena mofalikira ngati nkhungu, ndi kusunga madzi. Thanki ya galimoto imatha m'mphindi zochepa ngati wogwira paipi angopopera pa utsi. Wophunzitsidwa amalunjika pa tsinde la malawi, pamene pali chimene chikupsa, natseka madzi akamasuntha.

Wailesi yolankhulirana ili ndi mwambo wake. Wolankhula amayamba watchula amene akumuitana ndi dzina la galimoto yake, nanena mau ochepa omveka, naleka kuti ena alankhule. Chenjezo la kutembenuka kwa mphepo liyenera kuvomerezedwa ndi aliyense wolilandira, ndipo mtsogoleri sapuma kufikira galimoto iliyonse itayankha kuti yamva. Mwambo umenewu unalimbikitsidwa chifukwa cha chenjezo lija limene silinafike ku Linton. Asanayambe ntchito pamalo alionse, anthu a gulu amafunsana mafunso omwewo nthawi zonse: ndani akuyang'ana moto ndi mphepo, uthenga uyenda bwanji, njira zothawira ndi ziti, ndipo malo opulumukirapo ali pati. Njira yothawira imafunika kukhala yoposa imodzi, ndipo galimoto imaimikidwa itayang'ana kotulukira.

Palinso maphunziro a thandizo loyamba kwa wopsa, wokomoka ndi kutentha, kapena wodwala mtima mwadzidzidzi. A kumwa madzi munthu asanamve ludzu. Ndi a kuzindikira mtengo woopsa. Bulugamu wopsa m'kati amaima ngati wamoyo, kenaka n'kugwa kapena kugwetsa nthambi popanda chenjezo, ndipo mitengo yotere yapha ozimitsa moto angapo moto utadutsa kale. Ntchito yotsiriza, imene ambiri saikonda, ndi yozimitsa zitsa ndi zipika m'mphepete mwa lupsa. Chitsa chikhoza kunyeka pansi masiku ambiri, tsiku la mphepo n'kutulutsa mbaliwali zoyatsanso tchire. Wophunzira amasonyezedwa kufukula, kuswa, kuthira madzi ndi kusakaniza ndi dothi, kenaka kuyandikiza kuseri kwa dzanja kuti amve ngati kutentha kwatha.

Kuyeseza za kuzingidwa ndi moto

Pa zonse zimene amayeseza, chachikulu ndi cha zoyenera kuchita galimoto ikazingidwa ndi moto, ndipo membala aliyense wopita kumoto amayenera kuchibwereza chaka chilichonse nyengo yotentha isanayambe. Mtsogoleri amapereka chizindikiro mosayembekezeka, anthu ali pakati pa ntchito ina. Pomwepo onse amasiya mapaipi n'kuthamangira ku galimoto. Woyendetsa amaiimika poyera, kutali ndi tchire lowirira, injini ili chilirire ndipo nyali zitayatsidwa. Wina amatumiza uthenga wa ngozi pa wailesi, natchula malo ndi chiwerengero cha anthu. Mazenera ndi polowera mpweya ponse amatseka, makatani obweza kutentha amatsitsa, pampu amaliza kuti timipopi tija tikute galimoto ndi madzi, ndipo aliyense amagwada pansi pa mazenera atafunda bulangete la ubweya. Mtsogoleri amawerenga anthu ake mmodzimmodzi. Amakhala momwemo kufikira mutu wa moto utadutsa, kenaka amatuluka ali chifundire n'kupita pa lupsa.

Zonsezi ziyenera kutha m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo pa tsiku lenileni zimachitika mu utsi wakuda bii, m'phokoso longa la sitima, maso akulira misozi ndipo manja akunjenjemera. Mantha akamugwira munthu, nzeru zimachepa. Amaiwala zimene anawerenga m'buku, ndipo mtima umamuuza kuti atuluke athawe, chimene chili njira ya imfa, pakuti kunja kulibe chomutchinga ku kutentha. Chimene chimatsala ndi chokhacho chimene manja anazolowera. Mai amene wapeta ufa zaka zambiri amapeta akucheza, osayang'ana lichero, ndipo kuyeseza kumafuna kufikitsa wozimitsa moto pa mlingo womwewo, kuti dzanja lipeze lokha chotsegulira madzi.

Chifukwa chobwerezera

Wina akhoza kufunsa chifukwa chimene munthu wopambana kale mayeso amayenera kubwerera ku maphunziro omwewo. Choyamba, luso losagwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri monga khasu losiyidwa pamvula, ndipo mwini wake sadziwa kuti laonongeka kufikira tsiku lolifuna. Chachiwiri, gulu limasintha. Achinyamata amapita kumizinda, okalamba amapuma, alendo amalowa, ndipo anthu asanu okwera galimoto imodzi ayenera kudziwana mau, mphamvu ndi zofooka asanakumane ndi moto. Chachitatu, zida zimasintha: galimoto yatsopano ikabwera, zotsegulira zake zimakhala pamalo ena, ndipo amene anazolowera yakale ndiye amalakwitsa msanga. Chachinai, dziko lenilenilo limasintha. Damu limene linali lodzaza chaka chatha likhoza kuuma, mlatho ukhoza kuthyoka, chipata chikhoza kukhomedwa, kanjira kakhoza kumera. Pa chifukwa ichi magulu amayendera dera lao nyengo ya moto isanafike, naona potunga madzi, potembenuzira galimoto ndi nyumba za okalamba okhala okha.

M'miyezi yozizira magulu amathandizanso kutentha tchire mwadala, pang'onopang'ono, udzu usanaumitsitse, kuti chakudya cha moto chichepe. Eni dziko oyamba a ku Australia, Aaborijini, ankachita zimenezi zaka zikwi zambiri Azungu asanafike. Kwa membala watsopano moto wofatsawu ndi sukulu yabwino, pakuti amaona ndi maso ake mmene malawi amasinthira mphepo ikaomba, pofika pa chitunda, kapena dzuwa likapendeka, ali pambali pa munthu wodziwa womulongosolera.

Phindu la zonsezi linaoneka pa 7 Febuluwale 2009. Tsiku limenelo kutentha mumzinda wa Melbourne kunafika madigiri 46.4, mphepo inatembenuka madzulo monga mu 1983, ndipo moto unapha anthu 173, kuposa moto wina ulionse m'mbiri ya Australia. Magalimoto angapo a ozimitsa moto anazingidwa ndi malawi, ena anaonongeka, koma anthu amene anabisala m'katimo monga anaphunzitsidwira anatuluka amoyo. Tsikulo linasonyezanso malire a mphamvu za munthu, chifukwa moto wa msinkhu umenewo palibe gulu likadauimitsa. Mbali ina ya maphunziro ndi kuzindikira nthawi yoleka kulimbana ndi moto, kuchotsa anthu patsogolo pake, ndi kudikira kuti mphepo igwe. Kapitao wobweza anthu ake pa nthawi yoyenera amayesedwa wodziwa ntchito, pakuti munda wa mitengo umadzalidwanso.

Zimene midzi ya kuno ingatolepo

Midzi ya kuno ilibe magalimoto a thanki kapena makatani onyezimira, koma moto wa ku Chikangawa, pa phiri la Zomba, ku Dedza kapena ku Mulanje umatsata malamulo omwewo a mphepo, chitunda ndi udzu wouma. Nkhalango ya paini ya ku Viphya, imene inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, yaonongeka kwambiri ndi moto, ndipo minda ya mitengo ya m'midzi ndi ya masukulu imapsa chaka ndi chaka ndi moto wa osaka mbewa ndi wa otentha mapesi. Lamulo la za nkhalango la 1997 linapereka mwai wakuti midzi ikhale ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe, ndipo komiti yotere ikhoza kukhala phata la gulu lozimitsa moto.

Zambiri mwa zimene a ku Victoria amayeseza sizifuna ndalama. Gulu likhoza kukumana mu Juni kapena mu Julaye, udzu usanaumitsitse, n'kulambula njira zotchinga moto kuzungulira munda wa mitengo, manda ndi nkhokwe. Likhoza kusankhiratu mtsogoleri mmodzi amene mau ake adzamveka, ndi munthu wina amene sadzagwira nthambi, koma adzaima pokwera kuyang'ana utsi ndi mphepo, ali ndi wezulo pakamwa. Onse akhoza kupangana kuti kulira kwakuti kwa wezulo kukutanthauza kuthawira pa lupsa, nayesa kangapo masana kufikira aliyense atazolowera. Akhoza kuyenda pamodzi m'dera lao, nasonyezana njira zothawira ndi potunga madzi. Akhoza kuphunzitsana kuyambira kumchira kwa moto, kumenyera malawi kulowetsa kumene kwapsa kale, kusaima pamwamba pa moto wokwera phiri, kuvala za thonje ndi nsapato, kuletsa ana kuyandikira, ndi kuwerengana popita ndi pobwera. Moto ukazima, anthu awiri kapena atatu atsale kuyendera zitsa kufikira m'mawa.

Chovuta pa ntchito imeneyi n'chakuti imachitika pa nthawi imene kulibe moto, pamene aliyense ali ndi zake zochita ndipo ngozi ikuoneka ngati ili kutali. Magulu a ku Victoria nao amavutika kusonkhanitsa anthu madzulo a miyezi yozizira, mvula ikugwa. Chimene chimawabweretsa ndi chikumbukiro cha anthu 12 a ku Upper Beaconsfield ndi asanu a ku Linton, amene maina ao amatchulidwabe pa miyambo ya chikumbutso. Mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a makomiti a m'midzi ya kuno ali ndi mwai wosankha tsiku loyamba la kuyeseza udzu ukadali wauwisi.